Mafunso a Owerenga: Kuyenda Pansi M'chigwa cha Shire, Kwawo kwa Boo, Mvuu ndi Ng'ona

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo pafupifupi onse akufunsa za kuyenda pansi m'tchire ndi m'mbali mwa mtsinje wa Shire, komanso za nyama zimene munthu amakumana nazo kumeneko. Makalata ena tawafupikitsa kuti malo akwane, ndipo mayina a olemba tawasunga monga mwa chizolowezi cha tsamba lino.

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Ngabu, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe. Ophunzira anga anabadwira m'chigwa muno, koma ambiri njati anangoiona pa chithunzi cha m'buku. Ndikufuna kupita nawo kumene angakayende pansi, osati kungokhala m'galimoto tsiku lonse. Kodi ndisankhe Lengwe, Majete kapena Mwabvi?
Mphunzitsi, Ngabu

YANKHO: Aphunzitsi, malo atatu mwatchulawa ali m'chigwa chimodzi, koma aliwonse ali ndi zakezake, choncho muyambe mwadzifunsa chimene mukufuna kuti ana akabwere nacho m'mutu.

Ngati cholinga ndi chakuti aone nyama zamitundumitundu pa tsiku limodzi, Majete alibe mnzake. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 700 ndipo inakhazikitsidwa mu 1955, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 opha nyama mozemba anali atamaliza njovu zonse, ndipo nyama zina zikuluzikulu zinali zitatha kale. Zinthu zinasintha mu 2003 pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira malowa. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, njovu zinayamba kubwerera mu 2006, mikango inafika mu 2012, akadyansonga mu 2018, akakwiyo mu 2019, ndipo mimbulu inalowa mu 2021. Njovuzo zinaswana mpaka zina zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2017. Vuto lake pa ulendo wanuwu ndi lomwelo limene lapatsa Majete mbiri: kumene kuli mikango ndi njovu, munthu sayenda pansi popanda mlonda wa mfuti, ndipo mlondayo amatenga anthu ochepa pa ulendo umodzi kuti athe kuwayang'anira onse. Gulu la ophunzira odzaza basi lidzathera nthawi yambiri lili pa mipando. Chimene sadzaiwala ndi mathithi a Kapichira, pafupi ndi chipata cha nkhalangoyi, pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859 ndipo pamene lero pali makina opangira magetsi amene anaonongeka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi Lengwe. Msewu wake umapatuka pa M1 chakufupi ndi Nchalo n'kudutsa m'minda ya nzimbe, choncho kuchokera ku Ngabu mukhoza kunyamuka m'bandakucha n'kukafika dzuwa lisanakwere. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1928 ndipo anakhala paki mu 1970, makamaka chifukwa cha boo, amene ambiri masiku ano amangomutchula kuti nyala. Kum'mawa kwa pakiyi, kumene alendo amafika, ndi kwa chidikha, kodzaza ndi zitsamba zowirira, ndipo m'chilimwe madzi amasowa kotero kuti oyang'anira amachita kupopera madzi m'mathamanda. Pambali pa mathamanda ena anamangapo tinyumba tobisalamo. Galimoto imatsala patali pang'ono, anthu n'kuyenda pansi ndi mlonda kukalowa m'kanyumbako, kenaka n'kukhala chete kudikira kuti nyama zibwere zokha. Kwa mwana wa sukulu, kudikirako ndi phunziro loposa kuthamangitsana ndi nyama pa galimoto. Adzaona njiri ikugwada pa miyendo yakutsogolo kuti idye, kenaka ikadzidzimuka n'kuthawa mchira uli njo m'mwamba. Adzaona nswala zikuyandikira madzi pang'onopang'ono, imodzi ikumwa zinzake zikuyang'ana uku ndi uku, anyani akubwera mwaphokoso popanda mwambo uliwonse, ndipo mwayi ukakhalapo, gulu la njati likutulukira m'zitsamba fumbi lili koboo. Pobwerera ku galimoto muwauze ayang'ane pansi, asiyanitse ziboda za nswala ndi za njiri pa fumbi, chifukwa m'tchire lowirira chotero zambiri zimadziwika ndi mapazi ndi ndowe.

Mwabvi, ku Nsanje chakumadzulo kwa Bangula, ndi malo aang'ono kwambiri mwa atatuwa, a masikweya kilomita 135 okha. Pa nkhani ya kuyenda pansi ndiye oposa onse atatu, chifukwa kuli zitunda, matanthwe amchenga ndi chigwembe chimene mtsinje wa Mwabvi unakumba, ndiponso mitengo ya tsanya ndi milambe. Koma nyama kumeneko ndi zochepa ndiponso zamantha, ndipo misewu yake imavuta mvula ikagwa. Amenewa asungireni ulendo wachiwiri, ana atazolowera kale kukhala chete m'tchire.

Kulikonse kumene mwasankha, pitani pakati pa Juni ndi Seputembala, udzu utauma koma dzuwa lisanafike poipa. Lembani kalata ku ofesi ya malowo nthawi ikadalipo, kuti akukonzereni mlonda ndi kukuuzani za malipiro, poti Amalawi amalipira ndalama zocheperapo poyerekeza ndi alendo akunja. Ana asavale zoyera kapena zofiira, ndipo aliyense anyamule botolo lake la madzi.

FUNSO: Ndasamukira ku Nchalo kuchokera ku Blantyre chifukwa cha ntchito. Kumtunda ndinazolowera kukwera Michiru kapena Soche Loweruka lililonse. Kuno phiri lili patali, ndiye ndaganiza zomayenda m'mbali mwa Shire madzulo ndikaweruka, kapena m'mamawa kusanatenthe. Anzanga a kuntchito akundiletsa. Kodi si mantha chabe amenewa?
Mnyamata wa ku Nchalo

YANKHO: Achimwene, anzanuwo amvereni, chifukwa akukuuzani zimene chigwachi chinawaphunzitsa. Nkhani yagona pa nthawi. Maola ozizira amene inu mwasankhawo, chisisira ndi m'bandakucha, ndi omwewo amene mvuu imakhala kumtunda.

Tiyambe ndi dzuwa, poti ndilo lakupangitsani kusankha maola amenewo. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene chigwachi chili pansi penipeni, ndipo malo otsika kwambiri m'Malawi muno, a mamita 37 okha, ali ku Nsanje pamene Shire amalowa m'dziko la Mozambique. Mpweya umatentherako ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu watsika, n'chifukwa chake mukamatsetsereka pa Thabwa mumamva kutentha kukukulandirani musanafike n'komwe pa mlatho wa Kamuzu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ulendo umene ku Michiru mumaumaliza ndi botolo limodzi, kuno ukufuna malita awiri kapena atatu, chipewa, ndi paketi ya Thanzi m'thumba. Mukayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru, musalimbe mtima kuti mumalize ulendo. Khalani pa mthunzi, dzithireni madzi, ndipo imwani pang'onopang'ono. Mnzanu akayamba kulankhula zosokonekera ali padzuwa, ameneyo ndi wofunika chipatala nthawi yomweyo.

Tsopano mvuu. Masana imakhala m'madzi chifukwa khungu lake silipirira dzuwa, koma kukangoyamba kuda imatuluka kukadya udzu, mwina makilogalamu 40 usiku umodzi, ndipo ikhoza kupita makilomita angapo kuchokera ku mtsinje. Imabwerera kunja kukuyera. Simasaka munthu, koma ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo aliyense amene waima pakati pa iyo ndi madziwo imamugunda kapena kumuluma. Musanyengedwe ndi thupi lake lonenepalo, pakuti pamtunda imathamanga kuposa inu ndi ine. Ubwino wake ndi wakuti imasiya zizindikiro zoonekeratu. Njira ya mvuu imakhala ndi tinjira tiwiri toyandikana, kamodzi ka miyendo ya kumanja kena ka kumanzere, ndipo pakati pamatsala kamzere ka udzu kosapondedwa. Pagombe pamene imatulukira pamakhala poterereka ndi pokumbika, ndipo pa zitsamba za m'mbali mwa njirayo mumapeza ndowe zomwazikana, chifukwa yamphongo imazimwaza ndi mchira. Mukaona zimenezi ndowezo zikadali zaziwisi, dziwani kuti mwalowa m'njira ya eni ake.

Ng'ona ndi ina, chifukwa iyo imasakadi. Imatha kukhala m'madzi osaya, maso ndi mphuno zokha zili kunja, ndipo imaphunzira chizolowezi cha munthu kapena chiweto chimene chimabwera pa doko limodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Munthu woyenda njira yomweyo madzulo aliwonse n'kumagwada pa malo omwewo kuti asukusule nkhope, wadzipereka yekha. Yendani motalikira ndi madzi mamita angapo, musakhale pansi pagombe lotsika, ndipo musaganize kuti thamanda kapena ngalande ya kumunda ilibe kanthu chifukwa ili kutali ndi Shire. Madzi akasefukira, monga anachitira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ng'ona zimafika kumene sizinkapezeka, ndipo madzi akaphwa zina zimatsalira komweko.

Sindikunena kuti musiye kuyenda. Maulendo a m'mamawa muziwayenda kutali ndi mtsinje, m'misewu ya m'midzi ya kumtunda, pansi pa milambe ndi mitengo ya masawu ndi bwemba, kumene nkhanga, nkhwali ndi apusi zidzakusangalatsani mokwanira. Kumtsinje muzipitako dzuwa litatuluka bwinobwino, muli ndi msodzi kapena mlimi wa kudimba wa komweko amene akudziwa pamene mvuu zikugona mwezi umenewo. Ndipo phiri lilipo. Ku Majete amakonza maulendo okwera phiri la Majete muli ndi mlonda, ndipo ku Nsanje, mapiri a ku Chididi amene ali kumadzulo kwa boma ndi ozizirirako, ndipo mukafika pamwamba chigwa chonse chimaoneka mpaka kutsidya ku Mozambique. Mukamakwera kudzera m'midzi, yambani mwaonekera kwa anyakwawa ndi kupempha mnyamata wokutsogolerani. Kumeneko si mwambo chabe. M'chigwa muno muli nkhalango zina, monga ya Khulubvi kumene kuli kachisi wa Mbona, zimene munthu salowamo mwachisawawa popanda chilolezo cha osunga malowo.

FUNSO: Mwamuna wanga akuti nyama yofiira yamizere yoyera imene tinaiona ku Lengwe ndi mbawala, ine ndikuti ndi boo. Tiweruzeni.
Mayi wa ku Dyeratu

YANKHO: Mayi, ngati nyamayo inalibe nyanga, inali yofiirira ngati dothi la katondo, ndipo mizere yoyera yotsika kuchokera pamsana inali yambiri ndi yooneka bwino, mlandu mwapambana ndinu: ameneyo ndi boo wamkazi. Mbawala ndi yocheperako, imakonda kuyenda yokha, ndipo m'malo mwa mizere yambiri imakhala ndi madontho oyera m'ntchafu ndi m'nthiti. Bambowo tisawaseke, chifukwa boo amasokoneza anthu ambiri. Wamwamuna amasiyana kwambiri ndi wamkazi kotero kuti mlendo amayesa ndi mitundu iwiri ya nyama. Iye ndi wamkulu, wotuwa moderako, ali ndi ubweya wautali wolendewera kuchokera pakhosi mpaka kumimba, miyendo yake kumunsi ndi yachikasu, pakati pa maso pali kamzere koyera, ndipo nyanga zake zopotoka zimathera ndi nsonga zoyererako. Awiri aamuna akakumana, kawirikawiri sayamba ndi kumenyana. Aliyense amaimika ubweya woyera wa pamsana, kukweza mchira, n'kumayenda monyang'wa pang'onopang'ono mozungulira mnzake mpaka mmodzi atagonja. Ngoma nayo ili ndi mizere, koma ndi yaitali kuposa zonsezi, yotuwa, ya makutu akuluakulu. Chigwa chathu chino ndiwo malire a kumpoto kwenikweni a kumene boo amapezeka mwachilengedwe. Kwina ndi ku Mozambique, Zimbabwe, Eswatini ndi South Africa.

FUNSO: Ndimamva za dambo lotchedwa Elephant Marsh. Kodi njovu zikadalimo? Nanga munthu angayendemo pansi?
Wophunzira wa ku koleji, kwawo ku Chikwawa boma

YANKHO: Njovu mulibe. Dzinalo linachokera kwa Livingstone, amene podutsa mu 1859 analemba kuti anaonamo njovu pafupifupi 800, koma alenje a minyanga anazimaliza m'zaka zotsatira. Zimene zatsala ndi mvuu, ng'ona, nsomba ndi mbalame zochuluka zedi, ndipo chifukwa cha mbalamezo dambo limeneli linalembedwa mu 2017 pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Ndi lachiwiri m'Malawi kulembedwa chotero, loyamba linali la nyanja ya Chilwa mu 1997. Malo amene analembedwawo ndi opitirira mahekitala 61,000, ngakhale kuti dambo lenilenilo limakula ndi kuchepa malinga ndi madzi. Kupatula Shire, chinanso chimene chimalidzaza ndi mtsinje wa Ruo, wochokera ku phiri la Mulanje, umene umakumana ndi Shire pa Chiromo. Ruo akadzaza amatsekereza madzi a Shire, madziwo n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza dambo.

Kuyenda pansi n'kotheka m'mphepete mokha, m'chilimwe, ndipo ngakhale kumeneko musamapondeponde m'madzi osayenda muli opanda nsapato zotchinga, chifukwa nkhono zofalitsa likodzo zimakonda malo otere. Mkati mwake mumalowedwa pa bwato, ndipo alendo ambiri amakwerera cha kwa Mchacha James, kum'mawa kwa dambo. Sankhani wopalasa wachikulire amene amawedza momwemo, gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo akanena kuti njira yakutiyakuti lero ayi, musamukakamize. Tinjira ta m'bango ndi m'gumbwa timasintha chaka ndi chaka, tina timatsekedwa ndi namasupuni, udzu wachilendo woyandama uja umene unachokera ku South America, ndipo mvuu ikakhala ndi mwana sifuna bwato pafupi.

Nyamukani m'mawa kukadali bata. Nkhwazi mudzaimva musanaione, ikulira mutu itaugwetsera kumsana. Akakowa, avuwo ndi atsekwe ang'onoang'ono amakhala paliponse pamene pali maluwa a m'madzi, ndipo pa masamba a maluwawo pamayenda kambalame kofiirira ka zala zazitali kwambiri, kamene kamaoneka ngati kakuyenda pamadzi penipeni. Pa michenga yoonekera madzi akaphwa, yang'anani mbalame yakuda kumsana, yoyera kumimba, ya mlomo wofiira umene wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Imauluka motsika kwambiri mlomo wam'munsiwo ukung'amba madzi, ndipo ukangokhudza kansomba mutu umagwa pansi mlomo n'kutseka. Imaikira mazira pa mchenga popanda chisa, choncho mukaiona ikuzungulira ndi kulira pamwamba panu, musatsike pa mchenga umenewo.

Kumbukiraninso kuti dambo limeneli si malo a alendo okha. Ndi munda ndi nkhokwe ya anthu zikwizikwi: makakana ndi milamba yowamba imene mumagula m'misika ya ku Bangula ndi ku Nchalo yambiri imachokera momwemo, ndipo chaka cha njala amayi amalowa m'madzi omwewo a ng'ona kukazula nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi. Musajambule munthu pa ntchito yake musanamupemphe.

FUNSO: Ndimaopa njoka kuposa china chilichonse. Kodi munthu akalumidwa ali kutali ndi chipatala achite chiyani?
Mayi wa ku Tengani

YANKHO: Mayi, njoka zambiri zimathawa zikamva mgugu wa mapazi. Yosathawa ndi mphiri, imene imadalira mawanga ake kuti isaoneke ndipo imagona duu pa njira mpaka munthu aiponde. N'chifukwa chake nsapato zotseka, thalauza kapena chitenje chofika kumapazi, ndodo m'manja ndi tochi usiku zimateteza kuposa mankhwala aliwonse. Musapise dzanja m'una, m'phanga la mtengo kapena pansi pa mulu wa nkhuni musanagogode, makamaka nthawi ya dzinja ndi pamene madzi asefukira, poti njoka nazo zimathawira pouma pamene pali anthu.

Munthu akalumidwa, achoke pamene pali njokayo, akhale pansi, ndipo mumuvule mphete, zibangili kapena nsapato mwendo kapena dzanja lisanatupe. Chiwalo cholumidwacho chisamagwedezeke. Chimangirireni ku kamtengo mosathinitsa, ndipo munthuyo anyamulidwe pa njinga, pa kabaza kapena pa ngolo kupita ku chipatala mwamsanga. Musateme mphini pa balalo, musayamwe, ndipo musamange chingwe kapena mphira mothina, chifukwa ululu wa mphiri umaononga minofu pomwe yalumapo ndipo kumanga kotero kumachititsa kuti munthu adulidwe mwendo umene ukanapulumuka. Musatayenso nthawi kusaka njokayo kuti muiphe. Ngati ndi njoka ija yolavulira m'maso, tsukani m'masomo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zingapo, osatikita, kenaka pitani ku chipatala.

FUNSO: Inu mumalemba zokoma za nyama chifukwa simulima kudimba. Ine chaka chatha mvuu zinandidyera chimanga chonse usiku umodzi, ndipo mnansi wanga anataya ng'ombe kwa ng'ona. Tizikonde bwanji nyama zotere? Bwanji osangozipha?
Bambo wa kwa Makhuwira

YANKHO: Bambo, pepani kwambiri, ndipo kalata yanu taisindikiza dala chifukwa ikunena zimene anthu ambiri a m'mbali mwa Shire amanena. Munthu amene wagona ndi njala chifukwa cha mvuu sangauzidwe kuti aikonde, ndipo sindikupemphani zimenezo. Mlendo amaona mvuu kwa ola limodzi n'kubwerera kwawo, pamene inu mumakhala nayo chaka chonse, choncho mtengo wa kusunga nyamazi umagwera inu kuposa wina aliyense.

Komabe pali zinthu zimene ndiyenera kunena mosabisa. Mvuu imadya udzu waufupi wa m'mbali mwa mtsinje, ndipo m'madera ambiri madimba afika mpaka pagombe penipeni, chifukwa anthu tachuluka ndipo mvula ya kumtunda ndi yosadalirika. Ikatuluka usiku, chakudya choyamba chimene imapeza ndi chimanga chanu. Pamene alimi a dera limodzi agwirizana kusiya kachigawo ka udzu ndi bango m'mphepete mwa madzi, mvuu imapeza podyera, ndipo gombe nalo silikumbika msanga madzi akadzaza. Chinanso, miyendo ya mvuu ndi yaifupi ndipo sidumpha, choncho dzenje lalitali lakuya, la m'mbali zoongoka, lokumbidwa kumbali ya mtsinje, kapena mpanda waufupi koma wolimba, zimaibweza. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa kwa munthu mmodzi, ndipo mukatchinga munda wanu wokha mwangoitumiza kwa mnansi wanu. Imatheka pamene mudzi wonse wagwirira pamodzi, monga mmene mumachitira polondera usiku ndi moto ndi zitini. Olonderawo asamaime kumbali ya mtsinje, koma kumtunda, kuti nyamayo ikhale ndi njira yothawira. Za ng'ombe, kumwetsa pa doko limodzi lotchingidwa ndi mitengo yozikidwa m'madzi, kapena kutunga madzi n'kumwetsera patali ndi gombe, kumachepetsa ngozi.

Nyama imene yazolowera kulowa m'mudzi kapena yavulaza munthu, kaneneni kwa amfumu ndi kwa a gemu msanga, ndipo mukanene mobwerezabwereza, mukulemba tsiku ndi zimene zaonongeka, chifukwa iwo ndiwo ali ndi mphamvu ya lamulo yothamangitsa kapena kupha nyama yovuta. Kudzitengera nokha ndi koopsa pawiri. Mvuu yovulazidwa ndi msampha wa waya kapena mkondo ndiyo imasanduka yolusa n'kumagubuduza mabwato a anthu osalakwa. Ndiponso lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, kotero kuti pa nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu, chipembere ndi ngaka, chilango chikhoza kufika zaka 30 m'ndende. Midzi yozungulira Majete inapumako pamene nkhalango yonse inazunguliridwa ndi mpanda wamagetsi, koma mtsinje sungamangidwe mpanda, ndipo n'chifukwa chake madandaulo a anthu a kumadimba akuyenera kumveka mokweza m'makomiti a zachilengedwe a m'midzi ndi ku khonsolo ya boma. Kalata ngati yanuyi ikafikenso kumeneko.

FUNSO: Tikuyenda m'tchire kufupi ndi mudzi wathu tinapeza kamwana ka gwape kali kokha pansi pa chitsamba, ndipo mnzathu wina anakatenga kuti akawete. Mwezi womwewo wina anapeza ngaka. Kodi choyenera n'chiyani?
Mtsikana wa ku Sorgin

YANKHO: Achemwali, kamwana kaja sikanali kamasiye. Agwape, mbawala ndi boo amabisa ana awo m'zitsamba masiku oyambirira, mayi n'kupita kukadya, ndipo amabwera kudzayamwitsa kukakhala zii. Kamwanako kamagona osagwedezeka chifukwa ndiko kudziteteza kwake. Kukatenga ndiko kukalekanitsa ndi make, ndipo tambiri totere timafa m'masiku ochepa chifukwa mkaka wa ng'ombe ndi phala sizitiyanja. Mukakapezanso, musakakhudze, itanani agalu anu, ndipo chokanipo mwakachetechete.

Ngaka ndi nkhani yaikulu kuposa pamenepa. Nyamayi imadya nyerere ndi chiswe basi, siluma chifukwa ilibe mano, ndipo ikaopsezedwa imangodzipinda n'kukhala yobulungira, zimene zimachititsa kuti aliyense aitole mosavuta. Ili m'gulu la nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo anthu ambiri m'dziko muno amangidwa chifukwa chopezeka nayo, ena atanyengedwa ndi mphekesera zakuti ili ndi msika wa ndalama zambiri. Ikakhala m'tchire ili bwinobwino, isiyeni ipite. Ngati yavulala, yakodwa mumsampha, kapena wina waitenga kale, musaisunge m'nyumba kapena m'thumba kudikira mawa, chifukwa sidya chilichonse chimene mungaipatse ndipo imafooka msanga. Dziwitsani amfumu, ndipo tsiku lomwelo uthenga ufike kwa a gemu kapena ku polisi yapafupi. Kwa inu a ku Sorgin, alonda a ku Mwabvi ndiwo ali pafupi, ndipo iwo amadziwa njira yoifikitsira kwa madokotala a zinyama, monga a bungwe la Lilongwe Wildlife Trust, amene amaisamalira mpaka itachira n'kukaibwezera kutchire.